Tsala la Amama ndi Sitima ya Gasi

Bodza limene linawadyera amama munda ndinawaphunzitsa ndine, pafoni, ndili chiimire pakhonde la sukulu ku Nyimba, choko chili m'manja. Ndayamba dala ndi zimenezi kuti ndikayamba kukalipira ena musati mayi uyu akudziyeretsa. Mlandu wanga ndikuudziwa. Koma enawo sindiwasiya ayi, chifukwa mpaka pano ndikaiganizira nkhaniyi nsima imandikanika kumeza.

Kwathu ndi ku Ndake. Amama anali ndi minda iwiri, yonse yowasiyira amayi awo. Wina ndi waung'ono, uli kuseri kwa mudzi. Winawo ndi waukulu, uli kutsidya kwa kamtsinje, koti ukanyamuka dzuwa likutuluka umafika mame asanaume. Kalimidwe kathu n'kakuti munda ukatopa umaugoneka. Umausiya zaka, zitsa zimaphuka, mitengo imabwerera, masamba amayoyoka n'kuwola, nthaka n'kupezanso mphamvu. Munda wogona chonchi timautcha tsala. Tsala si thengo. Lili ndi mwini wake, ndipo malire ake aliyense m'mudzi amawadziwa: chulu ichi, mpapa uwo, mwala uja wosweka pakati. Ukamayendamo mizere yakale umaimva kumapazi, ngakhale mitengo itatalika kuposa denga la tchalitchi.

Munda waukuluwo tinaugoneka chaka chimene atate anamwalira, ine nditangomaliza kumene kosi ya uphunzitsi. Amama anati, "Munda uyu watilela, nawo upume. Tizabwelelamo kakang'ono aka kakatopa." Koma kuugoneka sikunali kuutaya. Chaka ndi chaka, udzu usanaumitsitse, amama ankapita kukalambula m'malire ndi kutentha pang'onopang'ono, kuti moto waukali wa m'chilimwe usadzaphe timitengo. Ankakazulako bowa, ankakatolako masuku. Ngakhale kale ndili mwana, ndikangothyola kamtengo kanthete kuti ndiseweretse, dzanja lawo linkafika pakhutu langa mawu asanafike.

Malire a tsala lathu tinkagawana ndi bambo wina wa m'mudzi momwemo. Iyeyo tsala lake sanalilole kugona ndi tsiku limodzi lomwe. Mtengo ukangofika msinkhu wa mwendo wa munthu, nkhwangwa! Ankaotcha makala n'kumakaunjika matumba m'mbali mwa mseu waukulu wa ku Lusaka. Tsiku lina analumpha malire n'kugwetsa mitondo iwiri ya amama. Amama anamulondola mpaka pakhomo pake, anamutcha chiswe pamaso pa akazi ake, ndipo anatha miyezi osapatsana moni.

Tsono pali chinthu china chimene ife a kumudzi tinachiphunzira ndi misozi: munthu wa kope ndi cholembera akabwera pakhomo, usamuuze zonse. Ndili kamtsikana kunagwa chilala, ndipo kunabwera anthu odzalemba mayina a olandira chimanga cha thandizo. Atate anali mkulu wa mpingo, bodza ankaliopa ngati njoka. Atafunsidwa za ziweto anatchula mbuzi zonse, ndi kamwana komwe kobadwa dzulo lake. Anzathu anali atakabisa zawo kudambo m'mamawa. Iwo analandira, ife anati ndife opeza bwino. Chaka chimenecho tinadya mango osapsa ophika mpaka mano kuyayamira. Kuchokera pamenepo tinadziwa kuti pamaso pa kope, wochenjera amasauka.

Ndiye tsiku la bodza lija foni inalira pa nthawi yopuma. Inali nambala ya msuweni wanga, mwana wa amalume, amene amama ankabwereka foni yake.

"Mwanawe," anatero amama, "kwabwela anthu a galimoto yoyela. Ati mailo azalemba minda ya aliyense. Ati ni nkhani ya mitengo na mphepo, ati kuzabwela thandizo. Nikakambe chani?"

Ine, mphunzitsi wathunthu, wa satifiketi yopachika pakhoma, sindinafunse n'komwe kuti anthuwo ndi ndani, akulemberanji. Ndinangomva mawu akuti thandizo basi.

"Amama, mwaiwala za mbuzi zija? Kakambeni kamunda ka kuseli kwa mudzi kokha. Za tsala musatchule olo pang'ono. Akamva kuti muli na minda iwili azakuchotsani."

"Si bodza limenelo?"

"Bodza lake liti? Mulimamo lelo? Simulimamo. Chitani zimene nakuuzani."

Belu linalira, ndinalowa m'kalasi ndikudziona wanzeru kwabasi.

Anthu aja sankalemba osauka. Ankadula malire pakati pa minda ndi nkhalango. Anali ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo paliponse pamene panaoneka mitengo yothithikana, popanda wonena kuti pano ndi panga, ankati ndi nkhalango ya mudzi, yosadulidwa. Misonkhano anachititsa, sindikana. Anayankhula pa chimkuzamawu, anthu anawomba m'manja. Koma funsani nkhalamba iliyonse imene inalipo kuti inamva chiyani, ikuuzani kuti inamva mjigo ndi thandizo. Ndipo pa onse obwera ndi galimoto aja panalibe mmodzi amene anaganiza zofunsa kuti, kodi anthu inu munda ukatopa mumapita kuti? Funso limodzi lokhalo! Anayenda ulendo wonse kuchokera ku Lusaka ndi makina awo oloza kumwamba, koma kuwerama n'kuona mizere pansi pa mitengo anakanika.

Patapita miyezi anabwera ndi utoto wofiira n'kupaka mitengo ya m'malire. Pa Khirisimasi amama anandiuza akuseka kuti, "Mitengo yanga aipaka milomo monga atsikana a ku Lusaka." Ndinaseka nawo, chitsiru ine. Mjigo unakumbidwadi. Kusukulu ya kumudzi kunabwera madesiki. Msuweni wanga uja analembedwa ntchito yaulonda wa nkhalango, anamupatsa jombo, njinga ndi yunifolomu yobiriwira. Ine m'kalasi ndinkajambula mtengo pabolodi, n'kulemba mivi yosonyeza mmene masamba amamwera mpweya woipa, ana n'kumabwereza pambuyo panga.

Zaka zinapitapo, kamunda kakang'ono kaja kanatopa. Kanayamba ndi chimanga chachikasu, kenako kaufiti anadzaza munda wonse ndi timaluwa take tija, tokongola ngati sitikupha. Ndinkatumiza feteleza, koma zinali ngati kuthira mchere mumtsinje. Chimanga chinkalekera m'chiuno, zisononkho ngati zala. Chaka chomaliza nkhokwe inatha mvula isanagwe n'komwe. Amama si munthu wopempha, ngakhale kwa mwana wawo. Ndinadziwira kwa mnansi kuti ayamba kudya kamodzi patsiku.

Holide ya mwezi wa Ogasiti ndinapita kumudzi ndi nkhwangwa yatsopano imene ndinagula pamsika wa ku Nyimba. Amama anaiyesa kulemera, anayesa kunola kwake ndi chala chachikulu, n'kunena kuti, "Yafika nthawi yake. Mailo tipita kutsala."

Mawa lake tinalawirira. Sindidzaiwala mmene tsala lija linalili m'mawa umenewo. Mitondo ndi miombo inali itayamba kutulutsa masamba ofiira, pansi pali phuthuphuthu ndi masamba owola. Amama anafukula ndi chidendene, anatapa dothi n'kulinunkhiza. Linali lakuda bii. Nkhope yawo inawala moti ndinaona mayi amene ndinkamudziwa atate ali moyo. Anayenda n'kumandilozera: msuku uwu tisiya, mpapa uwo tisiya, apa tiyambire. Kwathu podula mtengo wa m'munda timadulira m'mawondo, kuti chitsa chidzaphuke tikadzaugonekanso munda. Umo ndi mmene tinayambira, ine ndi nkhwangwa, iwo ndi chikwanje kusadza nthambi.

Dzuwa litayamba kutentha pamutu tinamva njinga ikugwedera m'kanjira. Anali msuweni wanga, ali mu yunifolomu yake. Pachisuweni timasereulana, ndiye ndinafuula kuti, "Wafika mwamuna wanga waulesi! Bwela ugwile nkhwangwa, jombo izo zigwileko nchito!"

Sanaseke. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anavula chipewa, anafika pafupi ndi amama n'kunjuta.

"Azakhali, pepani. Muno simuloledwa kudula."

Amama anayang'ana kumbuyo ngati akuuza munthu wina.

"Muno muti?"

"Muno, azakhali. Ni mkati mwa malile. Mwaona penti ija."

"Iwe," ndinalowerera ine, "wapenga? Uyu ni munda wa amama. Sukumbuka? Maungu amene unakulila anachoka pa chulu icho!"

"Nikumbuka, msuweni."

"Nanga ukamba chani?"

"M'buku mulibe. M'buku muli munda umodzi. Mukadula, chithunzi cha kumwamba chizaonetsa dazi, azanifunsa ine. Nchito izanithela, na mudzi wonse uzalangidwa chifukwa cha imwe."

Ndinamutukwana. Ndinamuuza kuti anagulitsa azakhali ake ndi jombo, kuti yunifolomu yamulowa m'mutu, kuti atate ake akanakhala moyo akanamulavulira. Zina zimene ndinanena sizilembeka. Iye anangoti zyoli, misozi ili m'maso, mwamuna wamkulu wa ana anayi. Kenako anati lamulo likuti atenge nkhwangwa. Ndinaikumbatira n'kumuuza kuti abwere aitenge ngati ndi mwamuna.

"Mupatse," anatero amama.

"Amama!"

"Nati mupatse. Ni mwana wa mlongosi wanga, sinifuna alile njala chifukwa cha ine."

Anailandira ndi manja awiri, atagwada, ngati akulandira mphatso. Chimenecho ndiye chinandipweteka koposa. Tinabwerera kumudzi, amama kutsogolo, chikwanje chili paphewa.

Lolemba ndinakwera minibasi kupita ku Petauke, kumene anthu a nkhalangowo anali ndi ofesi pafupi ndi maofesi a boma. Ndinavala suti yanga ya tsiku la oyendera sukulu, kuti asandione ngati wongodzera. Anandilandira mayi wina wachitsikana, wa chigawo china, chinyanja chake chosakaniza ndi chibemba. Anali waulemu, anandipatsa mpando ndi madzi ozizira. Ulemu wakewo unangowonjezera ukali wanga, chifukwa ndinabwera kudzamenyana ndipo panalibe pogwira.

Pakhoma kumbuyo kwake panali chithunzi chachikulu: sitima ya pamadzi, yaitali ngati mudzi, pamsana pake pali zinthu zinayi zobulungira ngati miphika yovundikira. Pansi pa sitimayo anajambulapo mitengo yobiriwira ndi mayi womwetulira atasenza dengu.

"Sitima iyi ifuna chani kuno?" ndinafunsa. "Ku Petauke kuli nyanja?"

Anamwetulira n'kuyamba kundifotokozera bwinobwino, ngati mmene ine ndimachitira ndi ana. Anati kutali, kunyanja ya mchere, kuli kampani imene imakumba gasi pansi pa madzi. Gasiyo amamuziziritsa kwambiri mpaka asanduke madzimadzi, amuthire m'sitima zoterezi, apite naye kumayiko olemera kuti akaphikire ndi kuyendetsera mafakitale. Koma makina oziziritsawo amatentha gasi wambiri, wina amatayika, wina amangomuyatsa pamwamba pa chitoliro usana ndi usiku, sitima nazo zimafuka. Utsi wonsewo ndi umene ukutenthetsa dziko. Tsono kampaniyo inalonjeza kuti ichepetsa utsi wake, ndipo njira imodzi ndi kulipira kuti mitengo ya kuno isadulidwe, izimwa mpweya woipa m'malo mwawo.

"Ndiye kuti mitengo ya amai anu ithandiza dziko lonse," anamaliza motero.

Zonse zimene ananena ndinkazidziwa, ndinkaziphunzitsa. Mvula yasintha, ndani sakuona? Imabwera mochedwa, imathawa chimanga chikumasula. Sinditsutsa kuti utsi ndi woipa. Koma ndinali ndisanaganizepo kuti mivi ija ndinkajambula pabolodi, nsonga yake ikuloza m'nkhokwe ya amama.

"Nifunseko," ndinatero. "Iwo aja achepetsa chani? Sitima yaima? Makina azima?"

"Akuti ayesa. Atseka motayikila, achepetsa kuyatsa kuja. Zotsalazo ndiye amalipila mitengo."

"Zotsala! Amai, pa chinyanja timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Apa wamva m'mimba ali gone pabedi, chitseko atsekule amai anga? Amai anga gasi sanamuonepo. Magetsi alibe. Aphikila tinthambi totola pansi. Utsi wawo wa chaka chonse siungadetse olo mbendela ya sitima iyo. Ndiye amene afukiza apitilize kufukiza, amene sanafukize aleke kudya?"

Mawu anga anakwera moti mlonda wa pakhomo anasuzumira. Mayi uja anatsegula kabati, anafufuza, n'kutulutsa pepala. Analiyala patebulo, analitembenuzira kwa ine. Panali dzina la amama, mudzi wathu, ndi funso lakuti muli ndi minda ingati. Yankho lake: umodzi. Pansi panali chidindo cha chala chawo chachikulu, chopendekeka pang'ono chifukwa chala chimenecho chinathyoka kalekale ndi mtondo wosinjira.

"Tinafunsa, amai," anatero mofatsa. "Akanakamba, tikanapatula."

Kalanga ine! Mkwiyo wonse uja unabwerera kwa ine ndemwe. Ndinkayang'ana mawu akuti umodzi, n'kumamva mawu anga omwe pakhonde la sukulu. Ndinamuuza zoona, kuti ndine ndinawalangiza, ndinamuuza za mbuzi, za mango osapsa. Anamvetsera, ndipo ndikhulupirira kuti chisoni anamva. Koma anati malire anatumizidwa kale, mitengo ya mkatimo inawerengedwa, mpweya wake unalonjezedwa kale kwa a gasi, ndipo pangano lake ndi la zaka zambiri. Atatchula zakazo ndinaona kuti zikuposa zimene amama atsala nazo pansi pano.

"Koma saletsedwa kulowamo," anawonjezera. "Angatole bowa, masuku. Tingawapatse na ming'oma ya njuchi."

"Njuchi! Nkhalamba ya msana wopindika ikwele mumtengo kukapachika mng'oma? Nanga uchi ni nsima?"

Anati ndilembe kalata, aitumiza kwa akuluakulu. Ndinalemba pomwepo. Ndinadzalembanso ina, ndi inanso. Yankho lake mwina likubwera pa sitima ija.

M'minibasi pobwerera ndinkangotokota ndekha, moti mayi amene ndinakhala naye pafupi anasendera kuwindo. Chimene chinkandiwawa n'chakuti inde, tinanama, koma anatiphunzitsa kunama ndani? Si makope omwewo, amene amabwera ndi mafunso okonza kale, osafuna kudziwa mmene tikhalira? Ndipo bodza la nkhalamba yoopa njala chilango chake n'kulandidwa munda. Nanga amene amauza dziko lonse kuti gasi wawo wayera, pamene chitoliro chikuyakabe, amenewo chilango chawo n'chiyani? Amajambulitsa chithunzi, n'kuikapo mayi womwetulira ndi dengu.

Nditafika ndinapeza amama akusenda nthanga za maungu pamphasa. Ndinagwada n'kuwauza zonse, za sitima, za pepala, za chala chawo. Ndinati, "Amama, nine nakulakwilani." Sanakweze mutu.

"Pakamwa panali panga," anatero. "Ndiye ukuti mitengo ija amwela utsi wa anthu a kunyanja?"

"Ee, amama."

"Anipempha?"

Iwo anapitiriza kusenda.

Tsono imvani izi, kuti mudziwe chifukwa chake ndimati nsima imandikanika. Bambo wa makala uja, chiswe uja, malo ake sanalowe m'nkhalango. Akanalowa bwanji? Pachithunzi cha kumwamba panalibe mtengo ndi umodzi womwe, panali zitsa ndi maenje a uvuni. Anthu a penti anakhota bwinobwino n'kumusiyira malo ake onse. Lero amalima thonje ndi mpendadzuwa mpaka kugunda mitengo yopakidwa ija, ndipo nthaka yake imanona ndi masamba ouluka kuchokera m'tsala la amama. Anamusankhanso kukhala mlimi wachitsanzo, wophunzitsa anzake kusamala chilengedwe. Akakumana ndi amama kumjigo amavula chipewa n'kunena kuti, "Amai, nkhalango yanu yauka bwanji?" Wowononga anatsala ndi munda wake. Wolambula malire chaka ndi chaka, wotentha udzu msanga, wokoka ana makutu chifukwa cha kamtengo, ndiye analandidwa. Ndipo zimenezi m'mudzi aliyense anaziona, sanafunikire mphunzitsi wowamasulira.

Ufa ndimatumiza, musaganize kuti ndinawasiya ndi njala. Koma amama thumba la m'sitolo amalilandira ngati mankhwala owawa. Ndinawapempha kuti adzakhale nane ku Nyimba, anakana. Anati munthu amene ali ndi manja sakhala pakhonde kuwerenga magalimoto.

Kumapeto kwa Okutobala chaka chimene anatilanda nkhwangwa chija, mitambo itayamba kusonkhana, ndinapitanso kumudzi Loweruka. Dzulo lake ndinali nditatsogolera ana a kalasi langa kukonza maenje obzalamo mitengo kuseri kwa sukulu, tikuimba nyimbo yake. Pakhomo sindinawapeze amama. Mnansi anati ali kukamunda kakang'ono, akhala akupita tsiku lililonse sabata yonseyo.

M'kamundako, mbali ya kumunsi imene inatopetsetsa, amama anali ataisiya zaka ziwiri zapitazo kuti iyambeko kupuma. Timitengo tinali titamera, tina tofika m'chiuno, tina topitirira mutu. Ndili patali ndinaona utsi. Nditayandikira ndinapeza mbali yonseyo ili mbee, milu ya nthambi ikunyeka, maenje ali ponseponse. Amama anali atawerama pa kamtengo kena, akukumba mozungulira ndi khasu, thukuta lili chuchuchu. Sankadulira m'mawondo ayi. Ankazula ndi mizu yomwe, zitsa n'kumaziponya pamoto.

"Amama! Muchita chani?"

Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

"Ukuona."

"Si imwe munati mbali ino ipume? Mitengo iyi ndiye izabweza nthaka!"

Analoza kumwamba ndi chibwano.

"Aja ali uko akaona mitengo azati ni nkhalango. Kano kokha ndiye kanitsalila."

Ndinafuna kuwauza kuti sizingatheke, kuti kamunda aka kali m'buku, kuti malire anadulidwa kale. Mawu anafika pakamwa n'kubwerera. Ndinawalangizapo kale kamodzi ndi mtima wonse, ndikudziwa bwino zimene ndikunena. Ndinayang'ana m'minda yoyandikana nayo, ndipo kwa mnansi wa kumanzere nakonso kunkafuka, kwa wa kumtunda chimodzimodzi.

Amama anakwezanso khasu, koma linawalemera, linagwera pambali. Manja awo anali atachita matuza, ena ataphulika. Kamtengo kamene ankalimbana nako kanali kamsuku, kowongoka bwino, kotalika ngati ine. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi, n'kuwalanda khasu lija. Iwo anakhala pansi pamzere n'kumandiyang'anira.

"Kumba kwambili, mwanawe," anatero. "Muzu ukatsala uphuka."